Kudwala ulibe mapepala ku Doha: mafunso ndi mayankho

Qatar ndi dziko laling'ono koma lolemera kwambiri ndi gasi. Mwa anthu pafupifupi 3 miliyoni okhala kumeneko, eni nthaka ndi mmodzi mwa anthu khumi alionse kapena kuposerapo pang'ono. Ena onsewo ndi obwera: amisiri omanga a ku Nepal ndi Bangladesh, alonda a ku Kenya ndi Uganda, antchito apakhomo a ku Philippines, komanso Amalawi amene ayamba kusuzumira kumayiko a Aluya poona kuti kwawo ntchito zikusowa. Zipatala za ku Doha n'zamakono, ndipo wantchito amene mapepala ake ali bwino amathandizidwa pamtengo wotsika. Nkhani ino ikukamba za uja amene mapepala ake anafa, ndipo mfundo yake ndi imodzi: lamulo la Qatar linamangirira chithandizo cha kuchipatala ku chiphaso chimene chili m'manja mwa bwana, ndipo mfundo imeneyi ndiyo iyenera kumasulidwa.

Kodi munthu amakhala bwanji wopanda mapepala m'dziko limene anthu salowa mozemba?

Kwathu kuno tikamva za wopanda mapepala timaganiza za mnyamata amene wadutsa pa Mwanza, wawoloka Tete, kenako walumpha waya pa Beitbridge kulowera ku Joni. Ku Qatar sizili choncho. Dzikoli lazunguliridwa ndi nyanja pafupifupi mbali zonse, ndipo chipata cha pamtunda n'chimodzi chokha, cha Abu Samra, m'malire ndi Saudi Arabia. Pafupifupi aliyense amene lero akutchedwa wophwanya lamulo anatsika ndege ku Doha ali ndi pasipoti ndi viza yovomerezeka. Mapepala ake anafera m'dziko momwemo, ndipo nthawi zambiri amene anawapha si iyeyo.

Lamulo nambala 21 la 2015, lomwe limayendetsa za kulowa, kutuluka ndi kukhala kwa anthu obwera, limapereka kwa wolemba ntchito udindo wotengera wantchito wake chilolezo chokhala m'dziko. Chilolezocho chimabwera ndi khadi lotchedwa QID, ndipo likatha ndi bwana yemweyo amene amayenera kulikonzetsanso. Kampani ikagwa, bwana akachita mphwayi, kapena akafuna dala kuti wantchito azikhala mwamantha, khadilo limatha, ndipo apolisi akaimitsa anthu pamsewu amene amakwera galimoto yawo ndi wantchitoyo. Njira yachiwiri ndi ya anthu amene anagula kwa maejenti chimene amachitcha free visa. Papepala pali dzina la bwana koma ntchito palibe, ndiye munthu amayendayenda kusaka maganyu kwinaku akulipira mwini dzinayo chaka ndi chaka kuti amukonzetsere QID. Kugwira ntchito kwa munthu amene sali papepala lako ndi mlandu kale, ndipo tsiku limene mwini dzina uja wazimiririka kapena wakweza mtengo, mapepala amafa. Njira yachitatu ndiyo yoopsa koposa: mlandu wothawa. Wantchito akachoka pakhomo kapena pakampani popanda kutsata ndondomeko, ngakhale akuthawa zibakera kapena miyezi yosalipidwa, bwana atha kukamunenera ku Unduna wa Zam'dziko kuti wathawa. Pamenepo lamulo limalola kuti amangidwe, alipitsidwe chindapusa chofika mpaka 50,000 riyal, kenako abwezedwe kwawo. Tikamakamba za ophwanya lamulo ku Doha, tizidziwa kuti ambiri ndi anthu amene analowa pakhomo loyenera, ena atagulitsa munda kapena kutenga katapila kuti alipire ejenti.

Nanga mapepala a ntchito akukhudzana bwanji ndi kuonana ndi dokotala?

Zipatala zikuluzikulu za boma zili pansi pa bungwe la Hamad Medical Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1979. Zina mwa izo ndi Hamad General mkati mwa Doha, Al Wakra, Al Khor, ndi Hazm Mebaireek, chomwe chinatsegulidwa mu 2018 ku Industrial Area, dera limene amuna ogwira ntchito zolemetsa amagona m'makampu. Zipatala zazing'ono za m'madera zimayendetsedwa ndi Primary Health Care Corporation, pomwe bungwe la Qatar Red Crescent limayendetsa zipatala za antchito aamuna ku Mesaimeer, Al Hemaila, Freej Abdul Aziz ndi Zekreet mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Kuti ulowe m'zipatala zimenezi ngati wodwala wamba umafunika khadi la zaumoyo, lomwe ambiri amangoti khadi la Hamad. Munthu wobwera amalipira 100 riyal pachaka, ndalama zosakwana madola 30, poti dola imodzi imasinthidwa pa 3.64 riyal. Ukakhala nalo, kuonana ndi dokotala ndi kulandira mankhwala kumakhala kotchipa kwambiri poyerekeza ndi zipatala zomwe si za boma.

Koma khadi la Hamad sungalitenge kapena kulikonzetsa popanda QID yamoyo, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Bwana akapanda kukonzetsa QID, khadi la kuchipatala silingakonzedwenso. Khadilo likatha, wantchito sapeza dokotala wa boma, ndipo akapanda kupeza dokotala sapezanso kalata yoti akudwaladi. Lamulo la zantchito nambala 14 la 2004 limapereka tchuthi cha matenda cha masabata awiri pamalipiro onse ndi masabata anayi patheka la malipiro, koma pokhapokha pali kalata ya dokotala. Lamulo lomwelo limati wovulala pantchito achizidwe pamtengo wa kampani, ndipo kampani ya antchito oposa 500 ikhale ndi kachipatala kake kokhala ndi dokotala ndi namwino. Papepala zonsezi n'zabwino. Koma ufulu uliwonse pamenepa umadzera kwa munthu mmodzi yemweyo. Amene anagwa m'manja mwa bwana wachilungamo amapeza zonse, pamene amene anagwa m'manja mwa woipa amalangidwa kawiri: amamanidwa malipiro, kenako amamanidwanso mankhwala a matenda amene njala ndi nkhawa ya kusalipidwako zamubweretsera.

Kodi sangangodzigulira inshulansi yekha?

Ayi, njira imeneyo n'njotseka. Lamulo nambala 22 la 2021, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2022, limati munthu aliyense wobwera akhale ndi inshulansi ya zaumoyo, kaya ndi wokhala m'dziko kaya ndi mlendo wongodutsa. Kwa wantchito, wolembetsa ndi wolipira ndi wolemba ntchito. Boma linayamba ndi alendo pa 1 Febuluwale 2023: mlendo amalipira 50 riyal pamwezi, ndipo inshulansiyo imathandiza pa ngozi ndi matenda a mwadzidzidzi okha. Lamuloli limanenanso kuti chilolezo chokhala m'dziko chisaperekedwe kapena kukonzedwanso popanda inshulansi. Tsono munthu wopanda mapepala alowera pati? Si mlendo, chifukwa viza yake ya ulendo kulibe kapena inatha kalekale. Si wantchito wa munthu aliyense pamaso pa boma, chifukwa amene anayenera kumulembetsa ndi yemwe wamutaya. Lamulo limene cholinga chake chinali choti aliyense akhale wotetezeka lawonjezera mfundo yachiwiri pa chingwe chomwe chija.

N'chifukwa chake ena amabwereka khadi la mnzawo wofanana naye nkhope. Kupatula kuti ndi mlandu kwa onse awiri, mchitidwewu ndi woika moyo pachiswe. Mbiri ya wodwala ku Hamad imasungidwa pakompyuta, ndipo dokotala amakhulupirira zimene akuona pamenepo: gulu la magazi, mankhwala amene thupi limadana nawo, matenda akale. Wobwereka khadi amachizidwa ngati munthu wina, ndipo mwini khadi amatsala ndi mbiri ya matenda amene sanadwalepo.

Munthu wotere akadwala mwakayakaya kapena akavulala, anzake achite chiyani?

Aimbe 999 nthawi yomweyo. Ambulansi ya Hamad imabwera osafunsa khadi, ndipo kumalo olandirira angozi amayamba apulumutsa moyo, zamapepala ndi zandalama n'kubwera pambuyo. Bilu itha kutsatira, ndipo n'zotheka kuti aboma adziwe zoti mapepala ake anatha n'kumubweza kwawo akachira. Zimenezi n'zowawa kwa munthu amene ali ndi ngongole kumudzi, koma sizingafanane ndi kufera m'chipinda cha kukampu. Kupweteka kwa pachifuwa, kubanika, kukomoka ndi kutentha, kufa ziwalo mbali imodzi, kutaya magazi kwa mayi woyembekezera, zonsezi si zodikira mawa kapena zoyesa Panado. Pa matenda aang'ono, zipatala zomwe si za boma zimalandira wolipira m'manja, koma kwa munthu amene amapeza ndalama zoyandikira malipiro otsikitsitsa a 1,000 riyal pamwezi, kapena amene sanalandire kanthu kwa miyezi, ulendo umodzi wa kuchipatala chotere ndi kuyezetsa magazi umadya ndalama imene ana akudikira kumudzi.

Pali msampha wina umene anzake a wovulala ayenera kuudziwa. Lamulo limati wantchito akavulala kapena kufa pantchito, wolemba ntchito adziwitse apolisi ndi aofesi ya zantchito mwamsanga. Kapitawo amene watenga munthu wopanda mapepala paganyu akudziwa kuti iyenso waphwanya lamulo, ndiye munthuyo akagwa pamakwerero chimene chimabwera msanga m'mutu mwake ndi kumuchotsa pamalopo mwakachetechete, kumupatsa kandalama, n'kumuuza kuti akanene kuti wagwa kubafa. Wovulala akavomera bodza limeneli wataya umboni wokhawo umene ukanamuthandiza kupeza chipukuta misozi. Dokotala auzidwe zoona: malo, nthawi ndi ntchito imene munthuyo amagwira.

Ngati wodwala mwakayakaya amathandizidwa, vuto latsala pati?

Latsala pa matenda amene amapha pang'onopang'ono, ndipo ku Qatar amenewa ndiwo ambiri. Kuthamanga kwa magazi, shuga, impso ndi mtima sizifuna ambulansi tsiku loyamba. Zimafuna munthu woyeza mwezi ndi mwezi, mapiritsi osadukiza, ndi wina wouza wodwala kuti ntchito ya padzuwa aisiye kaye. M'chilimwe kutentha ku Doha kumapitirira madigiri 40, ndipo chinyezi cha kunyanja chimalepheretsa thupi kudziziziritsa ndi thukuta. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya madokotala ya Cardiology anaona imfa za antchito a ku Nepal ndipo anapeza kuti mwa imfa 571 za matenda a mtima pakati pa 2009 ndi 2017, pafupifupi 200 zikanapeweka kukanakhala chitetezo chokwanira ku kutentha. Boma linachitapo kanthu mu 2021: linaletsa ntchito za panja kuyambira 10:00 m'mawa mpaka 3:30 masana, kuchokera pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala, ndipo linalamula kuti antchito aziyezedwa m'thupi chaka chilichonse. Koma amene amayezetsa antchito ndi kampani, ndipo waganyu wopanda mapepala sali m'kaundula wa kampani iliyonse. Iyeyo ndiye amavomera ntchito imene ena akana, pa ola limene ena abisala.

Ziwerengero zenizenizo zimamulambalala. Bungwe la United Nations loona za ntchito, la ILO, linanena mu Novembala 2021 kuti m'chaka cha 2020 antchito 50 anafa chifukwa cha ntchito ku Qatar, oposa 500 anavulala kwambiri, ndipo 37,600 anavulala pang'ono. Manambalawa anatengedwa kuzipatala ndi kwa oyendetsa maambulansi, kutanthauza kuti amene anaopa kupita kuchipatala sanawerengedwe. Nyuzipepala ya The Guardian inalemba mu Febuluwale 2021 kuti anthu oposa 6,500 a ku India, Pakistan, Nepal, Bangladesh ndi Sri Lanka anafera ku Qatar kuyambira mu 2010. Boma la Qatar linayankha kuti chiwerengerocho n'chogwirizana ndi kuchuluka kwa anthu a m'mayikowo okhala m'dzikolo, ndipo n'zoona kuti chinaphatikiza imfa za mtundu uliwonse, osati za pantchito zokha. Koma chimene Amnesty International inaonetsa chaka chomwecho sichinayankhidwe mokhutiritsa: zikalata zambiri za imfa za anyamata amene anayezedwa n'kupezeka athanzi asananyamuke kwawo zimangoti mtima unaima, osafufuza chimene chinauimitsa.

Nanga amayi oyembekezera, ndi amene ali ndi kachilombo ka HIV?

Awa ndiwo amaopa chipatala kuposa wina aliyense, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Malamulo a milandu a Qatar a 2004 amati kugonana kunja kwa banja ndi mlandu umene chilango chake chitha kufika zaka 7 m'ndende. Mayi wopita kusikelo kapena kukachira amafunsidwa kalata ya ukwati, ndipo popanda kalatayo mimba yomweyo imasanduka umboni womutsutsa. Wantchito wapakhomo amene wathawa bwana womugwirira, ali ndi pathupi, alibe QID komanso alibe kalata ya ukwati, amakhala ndi milandu iwiri pamutu pake asanaonane n'komwe ndi mzamba. François Crépeau, nthumwi ya United Nations pa za ufulu wa anthu osamuka, atayendera Qatar mu Novembala 2013 anadandaula za amayi amene anawapeza m'ndende ndi makanda awo pa milandu yotereyi. Pa 2 Okutobala 2020 khanda linapezeka litatayidwa m'chimbudzi pabwalo la ndege la Hamad International, ndipo akuluakulu anatsitsa amayi m'ndege zingapo, kuphatikizapo yopita ku Sydney, n'kuwayeza mokakamiza. Dziko lonse linakwiya ndi kuyezako, ndipo moyenera. Koma ndi ochepa amene anafunsa chimene chimachititsa mayi kuberekera m'chimbudzi mumzinda wodzaza ndi zipatala za amayi zapamwamba.

Za HIV nkhani ndi yachidule. Aliyense wofuna chilolezo chokhala m'dziko amayezedwa magazi ndi chifuwa ku Medical Commission, ndipo wopezeka ndi kachilombo sapatsidwa chilolezo, amabwezedwa. Mmalawi amene akumwa ma ARV asamvere ejenti womuuza kuti zimenezo zimakonzeka. Zotere si zachilendo kwa ife: pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kuchokera kumigodi ya ku South Africa, chifukwa chimene chinaperekedwa chikhala chakuti ena mwa iwo, pafupifupi 200, anapezeka ndi HIV. Choipa cha lamulo lotere n'chakuti munthu amene watenga kachilombo ali kale m'dziko amapewa kukayezetsa, ndipo wosayezetsa sayamba mankhwala.

Koma dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza chuma chake. Bwanji wophwanya lamulo adyerere misonkho ya ena?

Funsoli ndi lolemera, ndipo ife Amalawi sitingaliseke chifukwa timalifunsanso. M'maboma a m'malire monga Mwanza, Dedza, Mulanje ndi Nsanje, madandaulo akuti anzathu a ku Mozambique akutithera mankhwala m'zipatala ndi akale. Ku South Africa funso lomweli limafunsidwa za ife: mu Ogasiti 2022 Phophi Ramathuba, yemwe ankayang'anira zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, anajambulidwa akukalipira mayi wa ku Zimbabwe ali gone pabedi la chipatala, ndipo gulu la Operation Dudula lakhala likutsekereza obwera pazipata za zipatala. Kumeneko khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula mu Epulo 2023 kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe mwaulere posayang'ana mapepala. Ngati mayiko amene mankhwala amathadi m'mashelefu akulimbana ndi funsoli n'kumathandizabe, Qatar, limodzi mwa mayiko olemera kwambiri padziko lapansi tikagawa chuma pa munthu aliyense, ilibe chonamizira cha umphawi. Ndipo wantchito wopanda mapepala sanabwere kudzadya za ena. Misewu, njanji ya Metro ndi mabwalo a mpira wa World Cup wa 2022 zinamangidwa ndi anthu a gulu lake.

Ngakhale tisiye za chifundo n'kuwerengera ndalama zokha, kumana munthu chithandizo choyambirira sikupulumutsa kanthu. Boma lavomera kale kumulandira akafika pa ambulansi. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndi otchipa, pamene bedi la odwala mwakayakaya ndi makina osefa magazi a wodwala impso n'zodula koopsa, ndipo bilu ya munthu wopanda kalikonse imatsalira chipatala. Kukana kumupatsa mapiritsi lero n'kukamulandira atafa ziwalo chaka chamawa kuli ngati kukana kufolera denga kenako n'kumagula ndowa zotchera madontho. Palinso matenda opatsirana. M'makampu amuna amagona angapo m'chipinda chimodzi pamabedi osanjikizana, ndipo chifuwa chachikulu cha mmodzi woopa chipatala chimafika kwa anzake okhala ndi QID, kenako kwa anthu amene amawaphikira ndi kuwalondera. Dziko la Spain linayesa kutseka khomo mu 2012, pamene linalanda anthu opanda mapepala khadi la zaumoyo. Akatswiri a zachuma a ku Barcelona anapeza kuti imfa pakati pa anthuwa zinakwera ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse m'zaka zotsatira, ndipo mu 2018 boma linabwezeretsa chithandizocho. Pomaliza pali lonjezo la Qatar yomwe. Mu 2018 inalowa m'pangano la United Nations la ufulu wa zachuma, chikhalidwe ndi umoyo wa anthu, ndipo komiti yotanthauzira panganolo inanena kale mu 2000 kuti mayiko asamane chithandizo cha zaumoyo ngakhale anthu olowa kapena kukhala m'dziko popanda chilolezo.

Kodi zimenezi n'zotheka, kapena ndi zolankhula za amabungwe chabe?

Qatar inazichita kale. Mliri wa Covid-19 utabuka mu Malichi 2020, boma linatseka Industrial Area kuyambira msewu 1 mpaka msewu 32, ndipo linalengeza kuti wantchito aliyense ayezedwa ndi kuchizidwa mwaulere ngakhale alibe QID kapena khadi la zaumoyo. Akuluakulu anazindikira kuti kachilombo kobisala mwa munthu mmodzi n'koopsa kwa onse, ndipo zipatala sizinagwe chifukwa cha chilolezo chimenecho. Chimene chinachitika pa mliri umodzi chingachitike pa shuga, pa chifuwa chachikulu ndi pa sikelo. Thailand, dziko losauka kwambiri poyerekeza ndi Qatar, inalola mu 2013 kuti obwera opanda mapepala azigula khadi la inshulansi ya boma. Zoti kutero kungakope anthu ambiri kubwera sizikugwira mutu ku Qatar, kumene munthu salowa popanda chilolezo chimene boma lomwelo lapereka.

Koma nthawi yomweyo ya mliri inaonetsanso chimene chimapha ndondomeko yabwino. Amnesty International inalengeza mu Epulo 2020 kuti amuna a ku Nepal anagwidwa ndi apolisi mu Malichi atauzidwa kuti akukayezedwa Covid-19, koma anakatsekeredwa kenako n'kukwezedwa ndege kubwerera kwawo. Nkhani yotere imayenda m'makampu msanga kuposa chilengezo chilichonse cha unduna. Choncho kulola wopanda mapepala kulowa m'chipatala sikokwanira. Pafunika lamulo lolembedwa, lolengezedwa m'zilankhulo za antchito, loti dzina limene munthu wapereka kwa namwino silipita kwa apolisi kapena ku Search and Follow-up Department, ofesi ya pa Salwa Road imene imasunga anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Ntchito yogwira ophwanya malamulo a zolowa m'dziko ili ndi eni ake, ndipo dokotala asasenzetsedwe.

Simukuipondereza Qatar? Si iyo imene yasintha malamulo kuposa anzake a m'chigawochi?

Yasinthadi, ndipo kukana zimenezo n'kunama. ILO inatsegula ofesi ku Doha mu Epulo 2018. Chaka chomwecho antchito ambiri anamasulidwa ku lamulo lopempha chilolezo cha bwana potuluka m'dziko, ndipo mu 2020 ufuluwo unafika kwa antchito apakhomo. Mu 2020 momwemo lamulo linalola wantchito kusintha ntchito popanda kalata ya bwana yovomereza, bola apereke notisi ya mwezi umodzi ngati wagwira zaka ziwiri kapena kuchepera, kapena ya miyezi iwiri ngati wapitirira. Malipiro otsikitsitsa a 1,000 riyal, kuphatikizapo 500 ya nyumba ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi, anayamba mu Malichi 2021 kwa mitundu yonse mofanana. Boma laperekanso nyengo zokhululuka, monga ya mu 2016, ya kuyambira Okutobala 2021 mpaka Epulo 2022, ndi ya miyezi itatu kuyambira pa 9 Febuluwale 2025. Koma nyengo yokhululuka imathandiza munthu kukonza mapepala kapena kutuluka m'dziko, siichiza amene akudwala lero. Ndipo mizati iwiri ya kafala, dongosolo lomangirira wantchito kwa bwana wake, sinagwe: QID ikadali m'manja mwa bwana, ndipo mlandu wothawa ukadagwiritsidwa ntchito. Tendayi Achiume, katswiri wa malamulo wobadwira ku Zambia amene anayendera Qatar mu 2019 ngati nthumwi ya United Nations pa za tsankho, anapeza kuti mmene munthu amakhalira kumeneko zimatengera kwambiri dziko limene pasipoti yake ikuchokera, ndipo anthu a ku Africa kuno ndi a ku South Asia ndiwo ali pansi. Injiniya wa ku Ulaya mapepala ake akachedwa amaimbira foni loya. Mlonda wa ku Kampala kapena ku Mangochi amabisala.

Mmalawi amene akuganiza zopita, kapena amene ali kale ku Doha, atengepo chiyani?

Asagule free visa, ngakhale amene akumugulitsa ndi wachibale. Asananyamuke aone kontirakiti yokhala ndi dzina la kampani imene akagwireko, asiye kopi kunyumba, ndipo ajambule pasipoti ndi viza n'kusunga pafoni ndi pa imelo. Akafika afunse QID ndi khadi la Hamad msanga, adziwe tsiku limene zidzathe, ndipo azionera yekha pa intaneti ya Unduna wa Zam'dziko ngati chilolezo chake chikadali chamoyo. Pasipoti ndi yake: bwana woilanda atha kulipitsidwa mpaka 25,000 riyal. Zinthu zikayamba kuipa, akadandaule ku Unduna wa Zantchito asanachoke pamalopo, chifukwa dandaulo lofika mlandu wothawa usanalembedwe limamuteteza kuposa lofika pambuyo. Adziwitsenso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Doha kuti ali m'dzikomo, asadikire tsiku la mavuto.

Koma munthu payekha sangamasule mfundo imene lamulo linamanga, ndipo apa boma lathu lili ndi mbali yake. Taona kale mmene zimathera. Mu Malichi 2024 BBC inaonetsa amayi a ku Malawi oposa 50 amene anavutikira m'nyumba za mabwana ku Oman, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Amalawi 12 anabwezedwa kuchokera ku Israel atachoka m'minda imene anatumizidwako n'kukagwira ntchito kwina. Kulikonse kumene chilolezo chamangiriridwa kwa bwana mmodzi, ena mwa ana athu adzapezeka opanda mapepala. Choncho Unduna wathu wa Zantchito ndi Unduna wa Zakunja asasaine pangano lililonse lotumiza antchito ku Qatar popanda ndime zitatu: khadi la zaumoyo likhalebe lamoyo mpaka munthu atatuluka m'dziko ngakhale QID itafa, wodandaula za bwana asalembedwe kuti wathawa mlandu wake usanaweruzidwe, ndipo Mmalawi aliyense womwalira kumeneko ayezedwe chimene chamupha thupi lake lisanatumizidwe kumudzi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo afunse kuti aone mapanganowo asanasainidwe.